Mapazi a Amayi Aakulu

Ana anga, mukamamva ife achikulire tikutchulatchula anthu amene anatilera, musamayese kuti tasowa nkhani. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo ntchito zawo nazonso kulemera kwake kumadziwika eni ake atatsikira kulichete. Lero ndati ndikuuzeni za amayi anga aakulu, akulu awo a amayi ondibereka, amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 90 m'mudzi wina wa m'munsi mwa mapiri a Dedza, kuchigwa kotentha kuja kumene mphepo ya kunyanja imafika itatopa kale, mtunda woyenda pansi kuchokera ku mishoni ya Mua. M'mudzimo aliyense ankangowatchula kuti Amayi Aakulu, a mbumba yathu ndi akunja omwe, Akatolika, a mipingo ina ndi Asilamu a tsidya la dambo, chifukwa panalibe khomo limene mapazi awo sanapondepo.

Zaka zawo ankaziwerengera pa zochitika. Ankati sitima itayamba kudutsa pa Mtakataka, iwo anali kamtsikana kongoyamba kusenza kamtsuko, ndipo tsiku loyamba kumva kulira kwake anataya madzi n'kuthawira m'tchire. Njanji imeneyo inafika ku Salima mu 1935. Ankatinso njala ya 1949 inawapeza ali ndi mwana kumsana, akukwera mapiri kukakumba mpama, umene ankauviika m'madzi masiku angapo kuti ululu wake uchoke. Mishoni ya Mua, imene ansembe a chipani cha White Fathers anaitsegula mu 1902, anaipeza itakhazikika kale, ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, mpaka kukwanitsa katekisimu ndi buku la mapemphero. Zimene zinalowa m'mutu mwawo masiku amenewo sizinatulukenso mpaka imvi zitadzaza mutu.

Mukanawafunsa ntchito yawo, akanakuyankhani kuti ndi ya pakhomo basi. Koma pakhomo pa masiku amenewo, ana inu, panali ntchito. Tambala woyamba akalira, ife tinkamva tsache likukanda bwalo, kenako phokoso la mtsuko ukutsanulidwa, kenako musi ukugunda mu mtondo mosinthana ndi wa mnzawo wa khomo loyandikana. Chimanga ankakonola, kupeta m'lichero, kuviika mphale mpaka kafungo kake kowawasa kadzaze m'khitchini, kusinjanso, kusefa, n'kuyanika ufa woyera mbee pamphasa, ife ana tikupirikitsa nkhuku. Nthawi ya dzinja ankafutsa nkhwani, khwanya ndi chisoso, n'kumanga m'zikwatu zimene ankazipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzizisunga, ndipo m'chilimwe anthu ena akusowa ndiwo, kwa Amayi Aakulu kunkanunkhira mfutso wotendera. Chidulo cha therere ankachipanga okha kuchokera ku phulusa, thobwa lawo linali la chimera cha mawere, ndipo pansi pa nyumba yawo pankakhala pozira bwino, posalala moti mwana ankatha kugonapo osayala kanthu.

Amuna awo, abambo athu aakulu, anapita ku Joni kudzera ku Wenela monga amuna ambiri a nthawi imeneyo, ndipo kwa zaka zambiri khasu, nkhokwe, ana ndi milandu ya mbuzi zolowa m'munda zonse zinali pamutu pa mayi mmodzi. Komabe pogawa nsima ankaumba mtanda umodzi woonjezera n'kuuvundikira m'mbale. Tikafunsa kuti ndi wa yani, ankati, "Mwini wake ali m'njira." Ndipo ankafikadi: wogulitsa usipa wochokera kunyanja dzuwa litamulowera, mayi wobwerera kuchipatala ali ndi mwana wodwala, kapena wamisala wa m'dera lathu amene makomo ena ankamuthamangitsa. Mlendo ndi mame, ankatero, sachedwa kukamuka, ndiye musamusiye achoke ndi njala. Mlendo akapanda kubwera, mtandawo unkasanduka mkute wa ife ana m'mawa.

Lamulungu kwa iwo linkayamba Loweruka masana. Ankachapa, kusita duku ndi chilundu chawo ndi simbi ya makala, kutimeta ndi kutisambitsa mpaka khungu kuwawa, kenako n'kuyamba kuunguza mumtima mwawo ngati pali munthu amene anamulakwira sabata imeneyo. Akamupeza ankapita kukapepesa dzuwa lisanalowe, chifukwa ankati n'kosayenera kukagwada kwa bambo mfumu kukalapa, mnzako amene unamupweteka ali chikhalire ndi bala lake. Pa utsikana wawo lamulo linali loti wofuna kulandira Ukaristia asadye kanthu kuyambira pakati pa usiku. Papa Pius XII analifupikitsa kukhala maola atatu mu 1957, ndipo Papa Paul VI analifikitsa pa ola limodzi mu 1964, koma Amayi Aakulu anapitiriza monga anazolowera, kuyenda ulendo wonse wa kutchalitchi m'mimba muli pululu. Nsapato ankanyamula m'manja kuti zisathe, n'kukatsuka mapazi pa mtsinje wa Nadzipokwe, kenako n'kuvala atayandikira mishoni.

Ine ndinaipezako Misa ya Chilatini ndili wamng'ono. Ndimakumbukira fungo la lubani losakanikirana ndi la mafuta odzola, amayi mbali ina abambo mbali ina, wansembe atatipatsa msana, kabelu kakang'ono kakulira, ndi Amayi Aakulu akuyankha mawu achilendowo mokweza ndi molimba mtima. Msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, utatsegula njira yoti Misa izichitika m'zilankhulo za anthu, achikulire ena anadandaula kuti ulemu watha, koma iwo anakondwa kwambiri. Ng'oma ndi visekese zitalowa m'tchalitchi, nthungululu yoyamba inali yawo. Chimwemwe chotero anali atachionetsa kale mu 1957, pamene bambo Cornelius Chitsulo, mwana wa kuno ku Mua amenenso anali wansembe woyamba wa dziko lino, anadzozedwa kukhala episkopi wa ku Dedza. Ankati tsiku limenelo anadziwa kuti mpingo si mlendo wodzacheza, wamanga nyumba pakati pathu.

Madzulo aliwonse, makamaka mwezi wa May ndi wa October, ntchito ikatha ankayala mphasa pakhonde, kuyatsa koloboyi, n'kutiitana kuti tipemphere kolona. Kolona yawo inali yakuda, mikanda yake itasalala ndi kuchepa chifukwa cha zala, ndipo pamene inaduka anailumikiza ndi ulusi wosomola ku thumba. Kutentha kwa October kuchigwa mukukudziwa: thukuta likutsika, udzudzu ukulira m'makutu, utsi wa palafini ukulowa m'maso, ife ana mitu ikugwa ndi tulo. Sankatikalipira, ankangokweza mawu pang'ono, ndipo wosinzayo ankadzidzimuka n'kulowanso m'pemphero. Chimene chinkatalika chinali cha kumapeto, pamene ankatchula mayina mmodzimmodzi: amuna awo ali kumigodi, mayi woyembekezera wa kumtunda, mnyamata amene anamangidwa, mizimu ya amene anatisiya, ndi bambo wina amene anakangana nawo zaka zambiri pa malire a dimba. Ameneyo sankamudumpha ngakhale tsiku limodzi. Mayina amene ankatchula usiku ndi amene mapazi awo ankawalondola m'mawa, moti ife tikamvetsera bwino pemphero, tinkadziwiratu kumene apite kukacha.

Mwambo woyendera anthu anaukhwimitsa mu Legio ya Maria, gulu limene linayamba ku Dublin mu 1921, ndipo linafalitsidwa kuno kum'mawa kwa Africa ndi mtsikana wa ku Ireland, Edel Quinn, amene anayenda mpaka kufika ku Nyasaland ali wodwala chifuwa chachikulu, n'kukamwalirira ku Nairobi mu 1944. Amayi Aakulu ankaikonda nkhani ya mtsikanayo, ankati ngati wodwala anayenda mitunda yonseyo, wamoyo anganamizire chiyani. Alejio ankakumana sabata iliyonse mozungulira tebulo loyalidwa nsalu yoyera, pakati pali chifanizo cha Amayi Maria, makandulo awiri ndi maluwa. Aliyense ankapatsidwa ntchito ya maola awiri pa sabata, yoyenda awiriawiri, ndipo sabata yotsatira ankafotokoza mmene anayendera. Pamsonkhanopo pankadutsanso kathumba kachinsinsi, m'mene aliyense ankapisamo dzanja, wokhala nayo ndalama ndi wopanda yemwe, kuti wina asadziwe chimene mnzake waponya. Kathumba kameneko kandikhala m'maganizo masiku ano, pamene m'misonkhano ina timawerenga mokweza mayina ndi ndalama za opereka, wosauka n'kumayang'ana pansi.

Maola awiri aja kwa iwo anali poyambira chabe. Ku Mua kunali malo osamalirako anthu odwala khate, ndipo masiku amenewo, mankhwala amphamvu asanabwere, anthu ankawaopa odwalawo mpaka kukana kumwera nawo chikho chimodzi. Amayi Aakulu ankasenza mtolo wa nkhuni kapena kadengu ka ufa n'kupita, kukhala nawo pamphasa imodzi, kuwathandiza kumanga nsalu amene zala zinatha, n'kumawauza nkhani za kumudzi: amene wakwatiwa, amene wabereka, mmene mapira achitira. Atsikana otenga mimba asanakwatiwe, amene makolo ankawapirikitsa ndi mkwiyo, ankagona kwa iwo mpaka mitima itazizira, ndipo m'mawa mwake Amayi Aakulu ankapita okha kukakhala pansi ndi makolowo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mabanja ambiri amene lero ali ndi zidzukulu anapulumukira pakhonde paja, ndipo sindinamvepo chinsinsi cha munthu chitatuluka pakamwa pawo.

M'zaka za m'ma 1970, maepiskopi a mayiko a kum'mawa kwa Africa atagwirizana zoti akhristu azikumana m'magulu ang'onoang'ono a m'midzi, miphakati inayamba, ndipo wathu unkakumana pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo. Udindo wa mpando ankaukana, ankati apatseni odziwa kulemba, koma mtulo ukavuta kutolera, denga la nkhalamba likagwa, kapena mwana wamasiye akasowa yunifolomu, maso onse ankatembenukira kwa iwo. Pamaliro ndiye osanena. Mfuu ikangomveka, ankamanga chitenje chakale m'chiuno, kutenga mthiko wawo waukulu, n'kunyamuka. Ankasambitsa mtembo wa mayi mnzawo mwaulemu, kugona pa siwa usiku wonse akuyambitsa nyimbo zikazilala, kucha n'kuyang'anira kuti adzukulu okumba manda alandire chakudya nthawi yabwino. Sankafunsa kuti womwalirayo ankapemphera kuti. Maliro n'kulirana, ankatero. Amayi otere anali ngati mafuwa: alendo amayamikira nsima ndi wophika, koma mphika unakhazikika pa miyala itatu imene inapirira moto popanda woitchula.

Ulendo wautali umene anayendapo unali wa mu May 1989, pamene Papa John Paul II anabwera ku Malawi. Anagulitsa mtedza kuti agule chitenje chokhala ndi nkhope ya Papa, n'kukwera lole usiku pamodzi ndi amayi anzawo kupita ku Misa ya ku Lilongwe. Anabwerako mawu atasasa, akuti Papayo anamuonera patali koma dalitso silisankha mtunda. Chitenjecho anachipinda bwino n'kuchiika pansi pa sutikesi, ndipo ankangochitulutsa pa Pasaka ndi pa Khirisimasi. Patapita zaka zitatu, pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Chikatolika, yonena za malipiro ochepa, mavuto a m'zipatala ndi m'masukulu, ndi mantha amene anatseka anthu pakamwa. Tinatuluka m'tchalitchi aliyense akuopa kuyang'ana mnzake, koma iwo panjira anangoti ambuye maepiskopi anena zimene amayi amanong'onezana pachitsime, ndipo usiku umenewo mayina a maepiskopi analowa m'pemphero la pakhonde.

Koma ntchito yawo yolemera koposa inadza atakalamba kale, nthawi imene munthu amayenera kukhala pansi kuti ana amugwirire ntchito. Edzi inalowa m'midzi, ndipo ana amene anapita kutauni ali onenepa anayamba kubwerera atanyamulidwa. Inu obadwa mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004 simungadziwe mdima wa zaka zimene zija, pamene sabata sinkatha popanda maliro, ndipo dzina la matendawo anthu ankaopa kulitchula. Panali mtsikana wina amene abale ake anamuika m'kanyumba ka kuseri, chakudya n'kumamusiyira pakhomo. Amayi Aakulu ankapita kumeneko m'mawa uliwonse ndi kadengu kawo, muli kachidutswa ka sopo, mchere, nsanza zochapa bwino ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Magolovesi kunalibe, ndiye ankavala timajumbo ta shuga m'manja n'kumanga ndi luzi. Ankafunditsa madzi, kumutsamiritsa mtsikanayo pachifuwa pawo, kumupukuta zilonda za kumsana pang'onopang'ono akumuitana kuti "mwana wanga," kumumwetsa phala ndi sipuni, katatu kapena kanayi kokha pamene mmero unkalola, kenako kutulutsa mphasa padzuwa ndi kusesa m'nyumbamo. Ataona kuti abale akusuzumira patali, anaitana mayi ake a mtsikanayo n'kuwagwiritsa sipuni m'manja, osanena mawu owadzudzula. Tsiku limene mtsikanayo anamwalira, pakhomopo panalibe nsalu yabwino yomufunditsa. Amayi Aakulu anabwerera kunyumba, kutsegula sutikesi, n'kutenga chitenje cha Papa chija. Ena anati n'chamtengo wapatali, iwo anati n'chifukwa chake.

Miyendo itayamba kukana ndi maso kuchita chifunga, anthu aja ankawayendera ndi amene anayamba kubwera kwa iwo. Kupatsa n'kuika. Wina ankabwera ndi nkhuni, wina ndi mtsuko wa madzi, wina ndi kansomba, ndipo ana amasiye amene anawalera, ena ali aphunzitsi ena ali ndi mabanja awo, ankasinthana kugona nawo. Pambali pawo pankakhala kawailesi kotchera Radio Maria, imene inayamba kuulutsa mawu kuchokera ku Mangochi mu 1999, ndipo nthawi ya kolona ikakwana ankayankha limodzi ndi a pawailesiwo. Lamulungu mtumiki wa Ukaristia ankawabweretsera Ambuye kunyumba, ndipo ngakhale zinkawatengera nthawi, ankaumirira kuti awamange duku loyera ndi kuwakhazika tsonga. Mayina a pemphero la madzulo sanachepe. Anangosintha, ambiri a iwo atasamukira ku mndandanda wa omwalira. Atadzozedwa mafuta a odwala anakhalako masiku owerengeka, n'kupita mwamtendere. Pamaliro awo anthu anadzaza mpaka m'minda, amayi a Bungwe la Amayi Achikatolika ali mu yunifolomu, a Mvano a CCAP akuthandiza kuphika, Asilamu atakhala pamzere wawo pansi pa mtengo, ndipo aliyense anali ndi kankhani kake ka tsiku limene Amayi Aakulu anafika pakhomo pake.

Sindikunena kuti masiku ano kulibe anthu abwino, ana anga. Matchalitchi akula, makwaya akuimba bwino kuposa kale, zigayo zapumitsa misi, ndipo mwana ali ku Johannesburg amatha kutumiza ndalama ya mankhwala pafoni n'kufika tsiku lomwelo. Zonsezi n'zoyamika, ndipo Amayi Aakulu akanaziyamika. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti nthawi yatithawa m'manja. Uthenga wa matenda ukafika pa WhatsApp timayankha msanga kuti tikupempherera, ndipo mwina timapempheradi, koma wodwala uja amafunabe munthu womutembenuza pamphasa, womusendera nthochi, wokhala naye chete mpaka tulo timupeze. Nyumba zathu tazizinga ndi mipanda ya njerwa, ndipo nkhalamba ya kuseri kwa mpanda ikhoza kugona ndi njala masiku awiri ife osadziwa. Kale tinali osauka ndalama, koma munthu sankadwala yekha.

Amayi Aakulu sanasiye munda waukulu kapena nyumba ya malata ambiri. Anatisiyira njira yokhalira ndi anthu, ndipo njira imakhalapo pokhapokha ikamapondedwa. Inu amene miyendo ikadali yolimba, musadikire kuti akusankheni pa udindo kapena kuti mupeze kaye chuma. Funsani kumphakati kwanu, kumpingo kwanu kapena kwa a mfumu kuti ndani wagona, ndani wasiyidwa yekha, ndani sanaoneke masabata angapo, ndipo mupiteko nokha, ngakhale m'manja muli kachidutswa ka sopo kokha. Mutengenso mwana mmodzi kuti azikaona, chifukwa ife sitinaphunzire zimenezi pa bolodi, tinaphunzira tikunyamulira achikulire kadengu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako; ndipo ukalamba, ndikukuuzani ine amene ndaufika, umabwera msanga kuposa mmene mukuganizira.